Mutu 6: Mbiya Yodontha ya Elinata

1. Kapepala ka aphunzitsi

Chaka cha 1995 mvula inatha msanga. Pofika mwezi wa Okutobala, mjigo wa m'mudzi mwa Elinata ku Pembamoyo unkangolira popanda kutulutsa kanthu. Amayi ankafukula mchenga mumtsinje wouma n'kumatunga madzi m'dzenje ndi chikho. Ng'ombe nazo zinkamwa pomwepo, ndipo madziwo ankafika kunyumba ali ofiirira.

Elinata anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ali mu giredi 9. Anali mwana wa mafunso. Alipo anthu amene amati kufunsa n'kwabwino, koma anthu amenewo sanakhalepo ndi Elinata tsiku lathunthu.

Mng'ono wake Mercy, wa chaka chimodzi ndi theka, anali atatsegula kale m'mimba kawiri. Anesi a pakiliniki anawauza mosabisa mayi ake, a Keziya, kuti mwanayo thupi latha, akadwalanso kachitatu zinthu zidzavuta. Anawalamula kuti aziwiritsa madzi a mwanayo tsiku lililonse. A Keziya ankawiritsadi, koma nkhuni zinali kuphiri, ulendo wa m'mawa wonse, ndipo bambo a anawo anali kuntchito ku Kitwe.

Lachisanu lina masana, aphunzitsi a sayansi, a Steward Mbewe, anatulutsa mu envulopu kanthu koyera, kozungulira, kopyapyala ngati khungu la anyezi. Anati anachokera nako kukoleji.

"Aka ndi kasefa ka pulasitiki," anatero. "Kali ndi mabowo ambirimbiri. Madzi amadutsa, koma tizilombo toyambitsa matenda timatsalira pamwamba."

Elinata anakayang'ana padzuwa, nakatembenuza. "Aphunzitsi, mabowo ake ali pati? Ine sindikuwaona."

"Ukawaona ndiye kuti kasefako n'kachabe. Zula tsitsi limodzi, uling'ambe m'litali kokwana zana. Kachidutswa kamodzi ka pamenepo n'kakakulube kuposa bowo la apa. Ndinawerenganso kuti akatswiri akumaiko ena akuyesa kusakaniza mu pulasitikiyo tizidutswa ta siliva, tating'ono kuposa fumbi, kuti kachilombo kakakhudza kazifa."

"Nanga ife siliva tikamupeza kuti?"

"Sitimupeza," anayankha a Mbewe, ana onse n'kuseka.

Elinata sanaseke. "Amama amaumba mitsuko. Mtsuko ukangochoka pamoto, mukathiramo madzi umatuluka thukuta kunja. Madzi amenewo amadzera pati? Kapena dongo nalonso lili ndi mabowo osaoneka?"

A Mbewe anasiya kupukuta choko m'manja, namuyang'ana mtsikanayo kanthawi. Kenako anavomera kuti mabowo alipodi, ndipo munthu atha kuwachulukitsa. Akasinja makoko a nsawa, kuwasefa bwinobwino n'kuwasakaniza ndi dongo, moto udzapsereza makokowo n'kusiya timipata tosaoneka. Mbiya yotere idzadontha pang'onopang'ono.

"Koma tamvera, Elinata, ndi nonsenu mumve," anatero a Mbewe. "Madzi oyera m'maso si madzi abwino ayi. Ine ndaona ana akuikidwa m'manda atamwa madzi oyera mbee. Diso limaona matope, tizilombo siliona. Ngati mupanga chinthu chimenechi, tidzayesa madzi ake, ndipo tidzayesa kangapo. Chilichonse chimene mwachita pa mbiyayo muzindiuza, chabwino ndi choipa chomwe. M'sayansi munthu wolakwitsa sitimukwapula. Amene timamuopa ndi wobisa, chifukwa anzake amamwa zimene wabisazo."

2. A Keziya akana

A Keziya anali woumba wodziwika. Mitsuko yawo inkapita panjinga mpaka ku Zemba ndi ku Zingalume, ndipo aliyense ankaizindikira ndi mizere itatu yokhota imene ankalemba pakhosi pake.

Elinata anawapeza pamthunzi akusalaza mtsuko ndi nkhulungo, kamwala kosalala kaja. Anawafotokozera zonse, kuyambira pa tsitsi long'amba mpaka pa makoko a nsawa. Amayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaika kamwalako pansi.

"Iwe, wati ndiumbe mbiya yodontha? Mwadala?"

"Inde, Amama."

"Khala pansi ndikuuze. Ine ndinayamba kugwira dongo iwe usanabadwe. Azakhali anga amene anandiphunzitsa ankati akapeza kaudzu kamodzi m'dongo langa, ankaphwanya mbiya yonse ine ndikuona. Dongo timalisankha ngati mpunga. Lero iwe ukuti ndithiremo zinyalala ndi manja angawa? Ukuganiza kuti timakulungiza chifukwa chiyani? Tikaotcha, timaphikamo phala la gaga chifukwa chiyani? Zonsezo n'zotseka kudontha. Mkazi akagula mtsuko n'kuupeza ukudontha, sanena kuti dongo linali loipa. Amati Keziya manja atha. Zaka makumi awiri palibe anandibwezerapo mtsuko, ndipo ndi dzina limenelo mukudya m'nyumba muno. Aphunzitsi akowo aziphunzitsa zapabolodi. Zadongo atisiyire ife."

Elinata anayamba kukanda pansi ndi chala. Nthawi yomweyo Mercy anadzuka pamphasa n'kuyamba kulira kamawu kochepa, kosafika patali. A Keziya anamunyamula, namuyang'ana timiyendo.

"Ndiumba imodzi," anatero. "Imodzi yokha. Ndipo mizere yanga sindilembapo."

Elinata anasinja makoko mumtondo masiku awiri, nawasefa katatu. A Keziya anakanda dongo akudandaula, naumba akudandaula. Koma pomaliza, akucheza ndi mwana wawo, dzanja linatola kamtengo lokha n'kulemba mizere itatu pakhosi pa mbiyayo. Anazindikira mawa lake dongo litayamba kale kuuma, ndipo anadzitukwana okha.

3. Madontho oyamba

Panapita milungu iwiri kuti mbiya iume n'kuotchedwa. Inatuluka pamoto yopepuka, yokhakhala, yosakongola n'komwe. Lolemba madzulo Elinata anaikhazika pakamwa pa mtsuko waukulu pakhonde, nathiramo madzi a kumtsinje aja.

Anadikira. Anaika khutu pamtsuko, osamva kanthu. Anakatsuka mbale, nabweranso. Apa ndipo anamva: tho! Patapita kanthawi, tho!

M'mawa anatunga madzi a mumtsukomo ndi kapu. Anali oyera mbee, pansi pa kapu pakuoneka. A Keziya anasuzumira, nanunkhiza, nalawa pang'ono.

"Matope aja apita kuti?" anafunsa.

"Atsalira m'mbiya, Amama. Taonani."

"Ha! Zilikodi," anatero amayiwo, akupukusa mutu. Anayesa kubisa, koma anali atakondwa.

Elinata anapita nawo madziwo kusukulu. A Mbewe anali atapempha kukiliniki timabotolo tiwiri toyesera madzi, m'kati muli kapepala kachikasu. Anathira madziwo m'kabotolo kamodzi, natseka. Anati pakapita masiku awiri, ngati m'madzimo muli tizilombo tochokera ku ndowe ndi kuchimbudzi, madziwo adzada bii. Ngati mulibe, adzakhala momwemo.

Tsoka ilo, m'mawa womwewo kunyumba kunafika a Lefina, oyandikana nawo nyumba, kudzabwereka sefa. A Lefina sanali munthu woipa, koma pakamwa pawo panalibe chitseko. Anaona mbiya ili pamwamba pa mtsuko, kunja kwake kuli chinyezi. Anainyamula, naona madontho, naonanso mizere itatu ija.

"Amake Elinata! Iyi ndi yanu? Ikudontha ngati denga la chaka chatha! Kodi maso ayamba kuvuta, kapena ndi manja?"

"Ndi zakusukulu izo," anayankha a Keziya.

"Zakusukulu zokhala ndi mizere yanu? Koma akamva a ku Zemba!" A Lefina anachoka akuseka chikhakhali, sefa ili kukhwapa.

Manyazi anawagwira a Keziya mpaka m'mafupa. Anakoleza moto, naika mbiya ija pamafuwa, naphikamo phala la gaga. Analipaka m'kati monse ndi chikhatho, monga ankachitira ndi mbiya iliyonse yatsopano.

4. Sipoko ya njinga

Elinata pobwera anathiramo madzi, nadikira. Panalibe dontho ngakhale limodzi. Anapisa dzanja m'kati, napeza muli moterera.

"Amama, mwaichita chiyani mbiyayi?"

"Ndakukonzera. Inkadontha kwambiri."

"Koma ntchito yake ndi yomweyo! Phala latseka mabowo onse!"

"Usandikwezere mawu. Mudzi wonse ukundiseka chifukwa cha iwe. Ndinati imodzi, ndipo imodziyo ndi imeneyo."

Elinata analira ndi ukali. Anaikwecha mbiyayo ndi mchenga, naitsuka kanayi, koma phala linali litalowerera. Ankadziwa choyenera kuchita: kukawauza a Mbewe, n'kupemphanso amayi ake modzichepetsa. Koma zimenezo zinatanthauza kuneneza amayi ake kwa aphunzitsi, kuyambiranso kusinja makoko, ndi kudikira milungu ina iwiri. Anzake onse a m'kalasi anali atamva kale kuti mbiya ya Elinata yatheka.

Lachitatu masana, a Keziya atapita kumtsinje ndi Mercy kumsana, Elinata anatenga sipoko yakale ya njinga imene ankasokera matumba. Anagadabuza mbiya, nayamba kupota pansi pake pang'onopang'ono. Dongo losakaniza ndi makoko silinalimbe, ndipo posakhalitsa nsonga inatulukira m'kati. M'kabowomo anatsindiramo kansanza ka chitenje kuti madzi asamachuche.

Anathiramo madzi. Tho! Tho! Madontho anayambiranso. Kansanza kankagwira matope, ndipo madzi ankatuluka oyera, pafupifupi ngati poyamba.

A Keziya atabwera anamva kulira kwa madontho, nagwira pakamwa. "Mpaka phala lalephera? Dongo la makoko ndi losamvadi." Ananyamula mtsuko ndi mbiya yomwe n'kukaziika m'nyumba kuseri kwa chitseko, kumene maso a Lefina sakanafika. Kuyambira tsiku limenelo Elinata ankathamangira kuthiramo madzi yekha, kuti amayi ake asaone kansanza kaja.

5. Uthenga wabwino

Lachisanu madzulo a Mbewe anafika panjinga, nkhope ili ngwee. A Keziya anawayalira mphasa, nagwada potero kuwapatsa moni. Aphunzitsiwo anatulutsa kabotolo m'thumba la malaya.

"Mayi, awa ndi madzi amene Elinata anabweretsa Lachiwiri. Padutsa masiku atatu, sanade. Manja anu achita zimene ine ndinkangowerenga m'mabuku."

A Keziya anaseka mwamanyazi, akukonza mpango kumutu. Za phala la gaga sanatchule. Elinata anali ataima pakhomo, akudziwa kuti mbiya imene inasefa madzi a m'botolomo sinalinso mbiya imene inali kuseri kwa chitseko.

A Mbewe anapempha madzi ena. Anatunga okha mumtsuko, nathira m'kabotolo kachiwiri.

"Kuyesa kamodzi sikukwanira, mayi," anatero. "Mbiya imatha kuchita mng'alu woti diso silingaone. Akuluakulu mukhoza kumwa, koma a mwanayu pitirizani kuwiritsa mpaka ndidzakuuzeni. Ndikudziwa kuti nkhuni zili kutali. Pirirani masiku ochepawa. Mwana amene wadwala kawiri alibe mphamvu zoyesera zinthu." Kenako anatembenuka. "Elinata, palibe chasintha pa mbiyayi chiyambire?"

Apa ndiye panali pake ponena. Elinata anayang'ana amayi ake, amene anali asanasekepo chotero chiyambire chilimwe, nayang'ananso aphunzitsi.

"Palibe, aphunzitsi," anatero.

Njinga itangokhota pamtengo wa mango, a Keziya anaomba m'manja. "Basi! Msana wanga upumeko. Mawa kuphiri sindipita."

"Koma Amama, aphunzitsi ati a Mercy tiziwiritsabe."

"Aphunzitsi satola nkhuni. Botolo lanena lokha, ndaona ndi maso angawa. Kapena pali china chimene ukudziwa iwe?"

"Iyayi, Amama."

A Keziya anatunga madzi mumtsuko, namumwetsa Mercy. Mwanayo anagwira kapu ndi manja awiri, namwa mpaka madzi kutsikira pachifuwa. Loweruka anamwanso, Lamulungu chimodzimodzi. Pochokera kutchalitchi a Keziya anaitana ngakhale a Lefina kuti adzaone, nawauza kuti mbiya yodontha ija aphunzitsi aiyamikira. Elinata ankadziuza kuti madziwo ndi oyera, kansanza kakugwira ntchito, ndipo mwina palibe chichitike. Nsima sinkamulowa.

6. Botolo lachiwiri

Lolemba, belu la nthawi yopuma lisanalire, a Mbewe anamuitanira panja. Nkhope yawo sinali ya Lachisanu ija. Anatambasula dzanja. Madzi a m'kabotolo anali bii ngati makala, ndipo atatsegula pang'ono munatuluka fungo la dzira lovunda.

"Sindikumvetsa," anatero. "Mbiya yomweyo, madzi a mtsinje womwewo. Kodi inagwa? Yachita mng'alu?"

"Kaya, aphunzitsi."

"Koma a mwana uja mukuwiritsabe?"

Elinata anayang'ana pansi.

"Elinata! Tenga botololi, thamanga. Ukawaonetse amayi ako. Munthu asamwenso madzi amenewo."

Anathamanga osatenga ngakhale mabuku. Anadutsa minda yoyera imene inkadikira mvula, nafika kunyumba akupuma wefuwefu. Chitseko chinali chotseka. Pachingwe panali matewera anayi ongochapidwa kumene.

"Apita kukiliniki!" anafuula a Lefina ali pakhonde pawo, ndipo ulendo uno sankaseka. "Mwana wayamba m'mawa, iwe utangochoka. Akungotsegula madzi okhaokha, kuyamwa akukana."

Kiliniki inali kutsidya kwa mtsinje wouma uja. Elinata anawapeza amayi ake pabenchi ya pakhonde, Mercy ali pamiyendo. Maso a mwanayo anali atalowa m'kati, mutu uli lende. A Keziya ankamudonthezera pakamwa madzi a mchere ndi shuga ndi kasupuni.

"Wachita bwino kubwera," anatero amayiwo. "Anesi andikalipira. Akuti ndamumwetsa madzi a kumtsinje. Ndawauza kuti iyayi, amamwa a m'mbiya ya mwana wanga, oyesedwa ndi aphunzitsi. Sakundikhulupirira. Akuti mwina ndi malungo, mwina ndi china, sakudziwa poyambira. Auze wekha, iwe ndiwe wasukulu."

Anesi, mayi wamtali wovala magalasi, anatulukira pakhomo. "Uyu ndiye wa mbiya uja? Tandiuza zoona, mtsikana. Mwanayu wakhala akumwa madzi otani?"

Kabotolo kanali m'thumba la yunifolomu. Elinata akanatha kunena kuti mbiya inachita mng'alu yokha, ndipo aliyense akanamukhulupirira. Anayang'ana Mercy. Milomo ya mwanayo inali youma, ndipo ankalira popanda misozi.

Anatulutsa kabotolo, nakagwira poyera.

"Amama, mbiya ija ndinaiboola ndine. Mutaiphikira phala inasiya kudontha, ndiye ndinaboola pansi ndi sipoko n'kutsekapo kansanza. Madzi amene Mercy wakhala akumwa ndi a kumtsinje. Ndinkadziwa, koma ndinakhala chete."

Kasupuni kanaima m'malere. Anesi analanda kabotolo, nakayang'ana padzuwa.

"Wamwa masiku angati?"

"Atatu."

Anesi anatsina khungu la pamimba pa Mercy. Khungulo linakhala chiimire, osabwerera. Anatembenukira kwa abambo amene anali pamzere wa odwala.

"Ndani ali ndi ngolo pafupi? Mangani ng'ombe msanga! Mwanayu akufunika diripi, ndipo pano ndilibe. Afike kuchipatala cha ku Chadiza dzuwa lisanalowe."

A Keziya anadzuka, namubereka Mercy, namanga chitenje pachifuwa. Elinata anatambasula dzanja kuti awanyamulire kapu ndi kasupuni.

"Amama..."

Amayi ake anatola okha zinthuzo, nadutsa pafupi naye osamuyang'ana.